Kalata Imene Tinaiphera Mbuzi

Imelo inafika Lachitatu, ndipo pofika Loweruka mbuzi inali itaphedwa kale. Tinakaigula pafamu ina kunja kwa mzinda wa South Bend, ku Indiana, kumene ife Amalawi a dera lino timakagula nyama kukakhala ukwati kapena zovuta. Mlongo wanga anaphika nsima m'mapoto awiri akuluakulu. Amayi a kumpingo anabwera atamanga zitenje, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ine, monga malume wake wa mwana, ndinapatsidwa mpata woti ndiyankhule. Ndinaimirira foni ili m'manja, n'kuwerenga mokweza mzere woyamba wa imelo ija, kenaka ndinati, "Abale anga, lero mbumba yathu yapeza dokotala."

Mwana wa mlongo wangayo anali atakhala pafupi ndi khomo la kukhitchini. Anthu atayamba kudya anabwera kudzanjuta pambali panga n'kunena motsitsa mawu, "Amalume, sikuti ndi sukulu ya udokotala yeniyeniyo ayi. Ndi mastazi yongokonzekerera."

Ndinamuyankha ndikuseka kuti, "Iwe, wofika pabwalo wafika pakhomo. Usatichepetsere chimwemwe."

Kumudzi ndinaphunzitsapo ku sekondale zaka zambiri, ndipo ndinkadzitenga ngati munthu wodziwa za sukulu. Koma tsiku limenelo ndinatseka pakamwa munthu yekhayo m'nyumbamo amene ankadziwako chimene kalatayo inkatanthauza. Ndikulemba izi chifukwa makalata otere akufikabe m'nyumba za anzathu, ndipo mbuzi zikuphedwabe.

Chimene chinatisokoneza ndi mutu wa kwathu umene tinabwera nawo kuno. Ku Malawi mwana akakhoza bwino MSCE n'kusankhidwira ku sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, ija inatsegulidwa mu 1991 ndipo lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, makolo amadziwa kuti akalimbikira atuluka ndi MBBS. Dzina likatuluka pamndandanda, msewu ndi umodzi. Ku America sizili choncho. Munthu amayamba wamaliza digiri yoyamba ya zaka zinayi. Akatero amalemba mayeso otchedwa MCAT, amene amatenga maola opitirira asanu ndi awiri, ndipo malikisi ake amayambira pa 472 kulekeza pa 528. Kenaka amatumiza mafomu ake kudzera ku bungwe limodzi, AMCAS, limene limawafikitsa ku masukulu onse amene iye wasankha. Chaka chilichonse anthu oposa 50,000 amapempha malo m'masukulu opereka digiri ya MD, ndipo amene amalowa ndi pafupifupi 23,000. Oposa theka amabwerera manja ali m'khosi. Amene amatengedwawo, pa avereji, amakhala ndi MCAT ya 511 kapena 512, ndiponso GPA yoposa 3.7 pa sikelo imene imathera pa 4.0.

Mwana wathu anamaliza digiri yake ya biology ndi GPA ya 3.1. Sikuti mutu unali wouma. Chaka chake chachiwiri bambo ake anamwalira, ndipo kutumiza maliro kumudzi kunadya ndalama zonse za m'nyumba. Kuyambira pamenepo ankagwira ntchito yosamalira okalamba limodzi ndi mayi ake, sukulu masana, shifiti usiku. Chemistry ya chaka chimenecho anapeza C kawiri. MCAT analemba kamodzi n'kupeza 503. Atatumiza mafomu ku masukulu khumi ndi asanu, palibe ngakhale imodzi inamuitana ku intavyu.

Anthu ngati iyeyu ndi amene mastazi imeneyi inapangidwira. Kuno amaitchula kuti Special Master's Program, kapena mwachidule SMP, ngakhale sukulu iliyonse imaipatsa dzina lakelake: ena biomedical sciences, ena medical sciences, ena physiology. Yakale kwambiri ndi ya ku Georgetown University, mumzinda wa Washington, imene inayamba mu 1975. Boston University ndi Tufts University nawo ali ndi zawo zodziwika bwino, ndipo pali zina zambiri m'dziko lonseli. Ganizo lake ndi lomveka ndithu. Munthu amene digiri yake yoyamba sinaonetse mphamvu zake amapatsidwa chaka chimodzi, nthawi zina ziwiri, kuti aphunzire maphunziro enieni a chaka choyamba cha udokotala. M'masukulu ena amakhala m'kalasi limodzi ndi ophunzira udokotalawo, n'kumalemba mayeso omwewo. Akakhoza bwino kwambiri, amakhala ndi umboni woti katunduyu angathe kumusenza. Alipo anthu ambiri amene ndi madokotala lero chifukwa anadzera njira imeneyi, ndipo sindikuinyoza.

Chimene sitinamvetse n'chakuti umboni umenewu ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Usanalowe mastaziyi, komiti yosankha ophunzira imangokayika ngati ungakwanitse maphunziro a udokotala. Ukalowa n'kupeza malikisi ofooka, kukayika kuja kumatha: waayesa maphunzirowo ndipo iwo aona zotsatira zake. C wa chaka chachiwiri cha digiri ungamufotokoze kuti unali mwana, unali pamaliro. B wotsika wa physiology ya madokotala, amene wamupeza uli wamkulu ndiponso ukudziwa kuti ndi mwayi wako womaliza, alibe womulankhulira. Alangizi ambiri a ophunzira amanena kuti munthu amafunika kumaliza ndi 3.6 kapena kuposa pamenepo kuti mastaziyi imuthandize. Kungokhoza n'kulandira satifiketi sikukwanira.

Sukulu imene inamutenga mwana wathu ili mumzinda wina wa kum'mawa kwa dziko lino, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto. Pa tsamba lawo la pa intaneti panali zithunzi za achinyamata ovala makhoti oyera, ndi mawu awiri amene ine ndinawagwira ngati chibangiri. Oyamba ankanena kuti ambiri mwa omaliza maphunzirowa amapitiriza ku masukulu a zaumoyo. Achiwiri ankanena kuti pali mgwirizano ndi sukulu yawo ya udokotala. Sindinafunse kuti "masukulu a zaumoyo" akutanthauza chiyani. Tinadzamva pambuyo pake kuti m'chiwerengerocho ankaphatikizamo onse opita ku za mano, za mankhwala, ndi masukulu a udokotala a ku zilumba za Caribbean, ndiponso kuti ankawerenga anthu amene anapeza malo patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Amene anasiyira panjira chaka chisanathe sankawerengedwa n'komwe. Ndipo mgwirizano uja, titauwerenga bwino nthawi itatha kale, unkalonjeza intavyu yokha, osati malo. Intavyu yakeyonso inali ya okhawo amene afika pa GPA inayake ndi MCAT inayake. MCAT ya mwana wathu inali kale pansi pa mzere umenewo tsiku limene ankalandira kalata. Zonsezi zinalembedwa poyera, palibe anatinamiza. Zinali m'munsi mwa tsamba, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ife tinali kalikiliki kufunafuna mbuzi.

Nkhani ya ndalama ndiyo imandiwawa kwambiri, chifukwa m'menemo ndi mmene munali dzanja langa. M'masukulu odziwika a mtundu umenewu fizi yokha imapitirira $50,000 pachaka, lendi ndi chakudya zili padera. Maphunziro otere kawirikawiri sakhala ndi thandizo laulere. Mwana wathu ali ndi green card, choncho anali ndi mwayi wa ngongole ya boma. Ngongole wamba ya wophunzira mastazi imalekera pa $20,500 pachaka, ndipo zotsalazo nthawi imeneyo anthu ankatenga kudzera mu ngongole ina yotchedwa Grad PLUS. Zonse ziwiri chiwongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku limene ndalama zatuluka, osati tsiku lomaliza sukulu. Ndipo ngongole ya sukulu kuno ndi yovuta kwambiri kuifafaniza, ngakhale munthu atapita kukhoti kukanena kuti chuma chamuthera.

Mwanayo ankafuna kutenga ngongole yokwanira zonse, fizi ndi lendi yomwe, kuti chaka chimenecho asagwire ntchito. Ine ndinakana. Ndinakhala pa tebulo ndi mlongo wanga, pepala ndi cholembera, n'kunena kuti, "Achemwali, ngongole ya fizi yokha ndi phiri kale. Lendi ndi chakudya mwanayu angathe kudzipezera. Si wakhala akugwira ntchito kuyambira kale?" Mlongo wanga anavomera. Anawonjezera ndalama zake za chipereganyu cha amayi kuti zikhale dipoziti ya nyumba. Tinkaona ngati tikumuteteza ku ngongole. Sukulu inali italemba momveka kuti salimbikitsa ophunzira kugwira ntchito chaka chimenecho. Ine ndinati amenewo ndi malangizo a ana a anthu olemera.

Anayamba mu Ogasiti. Pofika sabata yachitatu anali atapeza ntchito kunyumba ina yosungirako okalamba, mausiku atatu pa sabata, kuyambira 11 koloko usiku mpaka 7 koloko m'mawa. Kalasi inkayamba 8 koloko.

Mu Okutobala ndinali ndi ulendo wodutsa cha kumeneko ndipo ndinapatuka kukamuona. Ankakhala m'chipinda chapansi pa nyumba ya mayi wina wokalamba, chokhala ndi kawindo kamodzi kofanana ndi msinkhu wa msewu, moti umangoona mapazi a anthu odutsa. Khoma lonse linali lodzaza ndi mapepala omata: chithunzi cha impso chojambula pamanja, mivi yofiira ndi yabuluu yosonyeza kumene mchere ukulowera ndi kumene madzi akutulukira, mndandanda wa minyewa ya m'manja. Pa tebulo panali timakadi tambirimbiri tomanga ndi mphira, ndi mbale ya mpunga imene inaoneka kuti ndi ya dzulo. Yunifolomu ya kuntchito inali itapachikidwa kuseri kwa chitseko. Anandiphikira tiyi, ndipo ndikumuuza nkhani za kwathu ndinaona mutu ukuwerama pang'onopang'ono, kapu ili m'manja. Anadzidzimuka n'kupepesa. "Pepani amalume, ndangochokera kuntchito m'mawa uno."

Ndinamufunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Anati, "Zimene tinkaphunzira teremu yonse ku digiri, kuno akumaliza m'masabata atatu." Kenaka anandifotokozera chinthu chimene ndinayenera kuchimva ndi makutu onse awiri. Ophunzira udokotala amene ankakhala nawo m'kalasi, iwo zotsatira zawo zinali ziwiri zokha: wakhoza kapena walephera. Masukulu ambiri a udokotala kuno amatero m'zaka zoyambirira. Koma a mastazi ankapatsidwa A, B kapena C poyerekeza ndi avereji ya madokotalawo. Kufika pa avereji yawo sikunkamupatsa A. Kuti apeze A ankafunika kuposa anthu ambiri amene anali atasankhidwa kale pakati pa zikwizikwi, anthu ogona tulo tokwanira, opanda shifiti. Ndinamva, ndinagwedeza mutu, n'kumuuza kuti alimbe mtima, chaka n'chimodzi chokha. Ndinamusiyira $200 ndi paketi ya ufa. Sindinamuuze kuti asiye ntchito. Ndikanatha kutero tsiku lomwelo, ndipo ndikanatha kugawana lendi yake ndi abale ena awiri. Ganizolo linandibwerera ndili pamsewu, koma ndinaliponya kumbuyo.

Teremu yoyamba anamaliza ndi 3.0. Anasiya ntchito mu Januwale, payekha, osatifunsa, n'kuwonjezera ngongole ija tinkaithawa. Teremu yachiwiri anapeza 3.6. Pamenepo m'pamene panaonekera chimene mwanayu akanachita akanapatsidwa chaka chonse. Koma ziwirizo pamodzi zinangopereka 3.3.

Atadzaza mafomu a AMCAS kachiwiri ndinaphunzira chinthu china chimene sindinkachidziwa. Ine ndinkaganiza kuti malikisi a mastazi amasakanizidwa ndi a digiri yoyamba n'kukweza 3.1 uja. Ayi ndithu. AMCAS imaika GPA ya digiri yoyamba pamzere wake, ya mastazi pamzere wake. 3.1 anakhalabe 3.1, ndipo pansi pake panabwera 3.3 wa maphunziro amene ankayenera kumuwombola. Masukulu ena amayamba kusefa mafomu poyang'ana manambala a digiri yoyamba ndi MCAT munthu asanawerenge nkhani yako. MCAT nayonso inali ikadali 503, pakuti m'chaka chonsecho panalibe sabata ngakhale imodzi yoti aikonzekere. Anailembanso mothamanga mwezi wa Julayi n'kupeza 504. Mayeso amenewa munthu amaloledwa kuwalemba kasanu ndi kawiri kokha moyo wake wonse, ndipo masukulu amaona zotsatira zonse, osati zabwino zokhazo. Komanso masukulu ambiri amayamba kuitana anthu mafomu akangoyamba kufika kumayambiriro kwa chilimwe cha kuno, choncho wochedwa amapeza mipando yambiri ili ndi eni ake. Iye anachedwa podikira zotsatira. Makalata okana anayamba kufika mu Novembala, mwezi womwewo umene kalata yoyamba yokumbutsa za ngongole inkayembekezeka kufika.

Tsopano ndikudziwa kuti panali njira zina, ndipo palibe imene inali yobisika. Mwana wathu anali ndi mabala awiri, GPA ndi MCAT, ndipo mastazi ija inkapoletsa limodzi lokha. Akanayamba ndi lotchipa: kukhala pakhomo pa mayi ake miyezi inayi kapena isanu, kuchepetsa mashifiti, n'kukonzekera MCAT mofatsa. Akanathanso kutenga makalasi a sayansi a mlingo wa digiri yoyamba pa yunivesite ya boma ya kufupi, zimene kuno amazitcha post-bacc. Amenewo ndiwo amalowa mu GPA ya digiri yoyamba. Sakweza mwamsanga, munthu wa 3.1 atapeza A m'makalasi onse a chaka chathunthu amangofika cha pa 3.3. Koma amasonyeza kuti munthu akukwera, mtengo wake ndi wochepa kwambiri, ndipo ukapunthwa pamenepo sunatseke chitseko chomaliza. Panalinso masukulu opereka digiri ya DO, amene ali ndi bungwe lawolawo lolandira mafomu, AACOMAS. Omaliza kumeneko ndi madokotala okwanira, ololedwa kugwira ntchito m'zigawo zonse 50 za dziko lino, ndipo manambala awo olowera amakhala otsikirapo. Mwanayo anatchulapo za DO kamodzi, ndipo mlongo wanga ndi ine tinakwinya nkhope chifukwa zilembozo sitinkazidziwa. Tinkafuna MD, zimene tikanatha kuzitchula pafoni kwa abale a ku Dowa iwo n'kumva.

Ndimalandiranso mauthenga a pa WhatsApp ochokera kumudzi, kwa achinyamata amene amaliza digiri ya sayansi ndipo aona mastazi zoterezi pa intaneti. Amafunsa ngati imeneyi ndi njira yokhalira dokotala ku America. Kwa iwo phompho lake ndi lakuya kuposa limene tinagweramo ife. Wobwera pa visa ya sukulu sapatsidwa ngongole ya boma la America. Nthawi ya maphunziro amaloledwa kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata, ndipo kawirikawiri ndi ya pasukulu pomwepo. Masukulu a udokotala amene amalandira anthu akunja ndi ochepa, ndipo ena mwa iwo amafuna umboni woti ndalama za zaka zonse zinayi zilipo munthu asanalowe m'kalasi. AMCAS siwerengera malikisi a mayunivesite a kunja kwa America ndi Canada mu GPA, ndipo masukulu ambiri amafuna kuti munthu akhale ataphunzirako m'mayiko awiriwa. Sukulu ya mastazi ikhoza kukulandira ndi manja awiri, pakuti fizi ulipira. Kukulandira kwawo sikumanga sukulu ya udokotala iliyonse, ngakhale imene ili m'nyumba yomweyo. Makolo asanagulitse munda kapena nyumba ya ku Area 25, mwana alembere sukuluyo n'kufunsa kuti mwa anthu a visa ngati yake amene anayamba chaka chatha, ndi angati ali m'sukulu ya udokotala lero. Akayankha mozungulira, yankho lake ndi lomwelo.

Ngakhale kwa a green card ndi nzika zinthu zasintha. Lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 likuthetsa Grad PLUS kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026. Ndiye kuti wolowa mastazi yotere adzapeza $20,500 yokha kuboma, zotsalazo azikazifuna ku mabanki, amene nthawi zambiri amafuna wachibale woti asainire limodzi. Wachibale ameneyo ndi mayi, kapena malume. Mwana akalephera kubweza, banki imabwera kwa wosainayo.

Mwana wathu anabwerera ku Indiana. Akugwira ntchito mu labu ina yoyeza magazi, ntchito yabwino ndithu, koma imene akanaipeza ndi digiri yake yoyamba. Mastazi ya mtundu umenewu sinapangidwire ntchito ina iliyonse kupatula kugogoda pa chitseko chimodzi chija. Gawo lalikulu la malipiro ake limapita ku ngongole. Ine ndimathandizako mwezi ndi mwezi, ndipo iye amathokoza mwaulemu ngati kuti ndikumukomera mtima. Tsiku lina ndinamupepesa chifukwa cha pepala ndi cholembera zija. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Amalume, inenso ndinkadziwa kuti sindinakonzeke. Koma anthu atavina chonchija, ndikanayamba bwanji kunena kuti ndidikire kaye chaka?"

Mabuku a MCAT akadali pa shelefu m'chipinda chake, ndipo nthawi zina ndimapeza limodzi lili lotsegula pa tebulo la kukhitchini. Sindimufunsa. Kumpingo anasiya kupita kwa miyezi yambiri, chifukwa dzina limene ndinamupatsa tsiku la mbuzi linakakamira. Mwezi wathawu anavomera kuti tipitire limodzi. Tikutsika m'galimoto, gogo wina amene anaimba nthungululu kwambiri tsiku lija anatithamangira manja ali m'mwamba, n'kumukumbatira. "Adokotala athu! Mwasowatu. Mumaliza liti kuti muzidzatiyeza BP?"

Mwanayo anagwada pang'ono monga anaphunzitsidwira, n'kuyankha kuti, "Tikuyesetsabe, agogo." Kenaka anatembenukira kwa ine n'kupempha makiyi, akuti waiwala Baibulo m'galimoto. Baibulolo linali m'manja mwake.